Kuseri kwa Mizinda ya ku China Kuli Agogo ndi Zidzukulu

Tikamva za China ambirife timaganiza za nyumba zosanjikizana, sitima zapamtunda zothamanga kwambiri, kapenanso Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe yomwe dzikoli linatimangira. Sabata ino tiyeni tisuzumire kumudzi komwe omanga mizinda ya ku China anachokera.

M'chaka cha 1978, pomwe Deng Xiaoping anayamba kusintha kayendetsedwe ka chuma, anthu okhala m'tauni sankakwana 20 mwa 100 alionse. Pofika 2011 anali ataposa akumudzi, ndipo kalembera wa 2020 anapeza kuti afika pafupifupi 64 mwa 100 alionse. Mzinda wa Shenzhen, womwe mu 1980 unali katauni kozunguliridwa ndi midzi ya alimi ndi asodzi, unapezeka ndi anthu oposa 17 miliyoni. Phindu lake sitingalikane. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inanena mu 2022 kuti anthu pafupifupi 800 miliyoni anatuluka mu umphawi wadzaoneni m'zaka 40. Mabanja ambiri tsopano ndi opezako bwino: ali ndi nyumba, galimoto ndi mwana ku yunivesite. Amene sanagonepo ndi njala asafulumire kunyoza zimenezi.

Koma analipira ndani? Kuyambira 1958 dziko la China lili ndi kaundula wa mabanja wotchedwa hukou, yemwe amamangirira munthu kudera la makolo ake. Mlimi amaloledwa kukagwira ntchito kufakitale ya m'tauni, koma kwa zaka zambiri mwana wake ankavutika kupeza malo m'sukulu ya boma kumeneko. Lamuloli analifewetsa m'mizinda ing'onoing'ono, koma ku Beijing ndi ku Shanghai likadali lolimba. Mzinda unkafuna manja a bambo ndi mayi, osati banja lawo. Motero ana ankatsala kumudzi, ambiri m'manja mwa agogo. Mu 2013 bungwe la amayi la All-China Women's Federation linayerekeza kuti ana akumudzi omwe kholo limodzi kapena onse awiri ali kutali ndi okwana 61 miliyoni. Ganizirani gogo wa zaka 70, wosadziwa kuwerenga, yemwe ayenera kulima, kuphika, ndiponso kulangiza mnyamata wotha msinkhu amene amaona mayi ake pafoni pokha.

Agogo aja akamwalira, mudzi nawo umafa. Wolemba mabuku Feng Jicai anachenjeza kuti pakati pa 2000 ndi 2010 midzi pafupifupi 900,000 inatha. Ina inamezedwa ndi mizinda, ina inangosanduka mabwinja. Pamodzi nayo panapita zilankhulo za m'deralo, nyimbo, ndi anthu odziwa kuti manda awa ndi a yani. Mpingo nawonso wakhudzidwa, pakuti Chikatolika ku China chinazika mizu m'midzi, makamaka m'chigawo cha Hebei, ndipo agogo ndiwo anachisunga m'nyumba pa zaka za mazunzo. Wachinyamata wochoka m'mudzi wotere amafika mumzinda momwe palibe womudzutsa Lamulungu m'mawa.

Chomwe chimandigwira mtima kwambiri ndi lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu Julaye 2013, lokakamiza ana akuluakulu kuyendera makolo awo okalamba pafupipafupi. Tangolingalirani! Awa ndi anthu omwe kwa zaka zoposa 2,000 aphunzitsidwa ndi Confucius kuti kulemekeza makolo ndiye tsinde la khalidwe labwino, chiphunzitso chosatalikirana ndi lamulo lachinayi lomwe timaloweza pa katekisimu. Ine sindikhulupirira kuti ana amenewa anauma mtima. Anachoka chifukwa chokonda banja lomwelo, ndipo ndalama zomwe amatumiza ndizo zimagula mankhwala a agogo. Cholakwa chili pa chitukuko chomwe chinawerenga mafakitale ndi misewu, n'kuiwala kuwerenga zaka zomwe mayi wakhala osamusambitsa mwana wake. Woweruza angathe kulamula ulendo, koma sangafupikitse mtunda kapena kupereka tchuthi.

Kwa ambiri mwa antchito pafupifupi 300 miliyoni ochokera m'midzi, ulendowo umatheka kamodzi pachaka, pa chikondwerero cha Chaka Chatsopano cha ku China. Sitima zimadzaza, mudzi umamvekanso phokoso, agogo amapha nkhumba. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri makolo aja amamanganso katundu, ndipo ena amanyamuka mbandakucha, mwana asanadzuke.