Ngongole yopanda riba ndi yotheka

Mabungwe obwereketsa ndalama achuluka kuno kunyanja. Amayi ogulitsa usipa amapezadi mpamba, koma chiwongoladzanja ndi riba, yomwe Allah waletsa mu Surat Al-Baqarah. Mwera ukawomba nsomba zimasowa, koma ngongole siidikira. Ena amagulitsa mbuzi, ena amathamangira katapila.

Njira ina ilipo. Ku Pakistan, Dr Amjad Saqib adayambitsa bungwe la Akhuwat mu 2001. Limakongoza popanda chiwongoladzanja, ndalama zake zimachokera kwa anthu opereka sadaka, ndipo ngongole zimaperekedwa m'mizikiti, anthu akuona. Ngongole yotengera pamalo otere n'kovuta kuithawa.

Nafenso mizikiti tili nayo, kusonkha tidazolowera m'mabanki m'khonde. Chomwe tikusowa ndi thumba la qardh hasan ndi alembi okhulupirika. Tikambirane ndi mashehe athu ikatha Jumu'ah, insha Allah.