Tisadikire maliro kuti tionane

Pali mawu amene sasowa pa maliro a masiku ano. Anthu akabwera kumanda, asamba m'manja, akudikira nsima, mumamva wina akuuza mbale wake kuti: "Koma abale, tizingoonana pa zovuta zokhazokha?" Winayo amavomera, amapatsana manambala a foni, n'kulonjezana kuti mwezi wamawa ndithu ayenderana. Mwezi wamawawo sufika. Amadzaonananso tsiku limene wina wa pabanja lomwelo wagona m'bokosi.

Ine ndikuti khalidwe limeneli ndi matenda, ndipo odwala kwambiri ndife a m'tauni, ife opita kusukulu, ife olandira pakutha pa mwezi. Mankhwala ake si odula ayi. Ndi Loweruka limodzi lokha, pa mwezi kapena pa miyezi iwiri, loti munthu atseke chitseko, atenge ana, akaone abale ndi abwenzi ake akadali moyo.

Taonani m'mene ambirife timathera mapeto a sabata. Lachisanu madzulo abambo ali ku bawa. Loweruka m'mawa amayi ali pa mulu wa zochapa, masana athamangira ku ukwati wa munthu amene sakumudziwa bwino n'komwe, kumene ntchito yaikulu ndi kufupa. Nthawi imeneyo abambo maso ali pa kanema, kukangana za Arsenal ndi Manchester United ngati kuti ku England kuli amalume awo. Lamulungu ndi mapemphero, kenaka misonkhano ya makomiti mpaka dzuwa kupendeka. Basi Lolemba lafika. Masabata asanduka miyezi, miyezi yasanduka zaka, agogo kumudzi akungomva mphekesera kuti kudabadwa mdzukulu.

Amene zinthu zikuwayenderako amadzaza galimoto ndi zakumwa, ulendo wa ku Mangochi kapena ku Senga Bay. Sindikudana nazo zimenezo, munthu wogwira ntchito ayenera kupuma. Chimene chimandiwawa n'chakuti galimoto lomwelo limadutsa pa mphambano yopita kwao liwiro lili lamtondo wadooka, ngati kuti kumeneko adasiyako ngongole.

Ena mwa owerenga tsamba lino akuudziwa mtengo wa kuyenderana kuposa ine. Ine ndidabadwa zipani zambiri zitabwera kale, koma akuluakulu amatiuza. Kuyambira 1964, pamene nduna zingapo zidasemphana maganizo ndi Dr Kamuzu Banda n'kuthawira kunja, kukhala ndi mbale wotchedwa chigawenga udali mlandu pawokha. Kalata yochokera ku Lusaka kapena ku Dar es Salaam inkatha kumuika munthu m'madzi otentha. Banja la munthu wotsekeredwa ku Mikuyu kapena ku Dzeleka anthu ankalilambalala, osati chifukwa cha kuuma mtima koma mantha. Ngakhale pokwera basi, ayufi ankayamba afunsa khadi la chipani.

A Henry Masauko Chipembere adamwalirira ku America mu 1975 osaionanso nyanja ya kwao ku Mangochi. A Orton Chirwa ndi akazi awo a Vera adakhala m'ndende imodzi ya Zomba zaka 8 osaonana. Adawalola kukumana mu Sepitembala 1992, mwezi wotsatirawo a Orton n'kumwalira. Boma litakhululukira onse othawa mu 1993, pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni, ambiri adafika kwao n'kulozeredwa mitumbira: apa ndi amayi anu, apo ndi achimwene anu.

Lero ndime 39 ya malamulo oyendetsera dziko lino ikupatsa munthu aliyense ufulu woyenda ndi kukhala paliponse m'Malawi muno, kutuluka ndi kubwerera. Pa depoti ya Wenela palibe wofunsa khadi. Nanga tikuti chiyani pamenepa? Chimene anzathu adachilirira zaka pafupifupi 30, ife tili nacho m'manja koma tikuchiyang'anira kumbali.

Ndikudziwa chimene mukuyankha chamumtima: ndalama. Ndipo simukunama. Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo thiransipoti idakwera limodzi ndi shuga ndi sopo. Pa mizere ya mafuta tidagonapo kangapo konse m'zaka zimenezi. Kuwonjezera apo, munthu wa m'tauni akafika kumudzi amapeza mndandanda ukumudikira: fizi ya mwana wa achemwali, feteleza wa amalume, malata a nyumba ya agogo. Ambiri sathawa abale awo ayi, amathawa manyazi ofika chimanjamanja.

Koma tiyeni tikambirane chilungamo. Kodi mndandandawo umatalika chotere chifukwa chiyani? Chifukwa timapitako kamodzi pa zaka zitatu. Wobwera kamodzi pa zaka zitatu salinso mwana wa pakhomo, ndi bwana, ndipo bwana amalandiridwa ndi madandaulo. Wobwera pafupipafupi amalandiridwa ndi khasu kapena munsi. Vuto lina tidalibzala tokha, pozolowetsa anthu kuti wa m'tauni amafika pa galimoto yahayala, atavala suti, n'kumagawa ndalama ngati ali pa kampeni. Pitani pa minibasi. Tengani paketi ya shuga, mchere ndi mtanda wa sopo, zakwana. Pobwerera mudzasenza ufa, mtedza, maungu ndi nkhuku yomanga miyendo. Kafunseni mitengo ya zimenezi pa msika wa Limbe, muone amene wapindula ndani. Paja kupatsa n'kuika.

Nanunso akumudzi, ngati nyuzipepala ino ingakupezeni itakulunga usipa, tamvani: mwana wanu wa m'tauni si banki. Amalipira lendi, madzi, magetsi, makala, ngakhale masamba a nkhwani amene inu mumangothyola kuseri kwa nyumba. Mukamulonjera ndi mavuto asadakhale n'pansi pomwe, mukumuthamangitsa nokha. Yambani mwamufunsa za moyo, adye, apume. Zinazo adziona yekha ndi maso ake.

Komanso si abale onse amene ali kutali. Alipo a mimba imodzi, wina ku Ndirande wina ku Bangwe, wina ku Kawale wina ku Area 25, wina ku Chibavi wina ku Zolozolo, koma chaka chimatha osapondana pakhomo. Apa sitinganamizire petulo. Ine ndi anzanga anayi amene tidali limodzi ku koleji tidapangana kuti Loweruka loyamba la mwezi tizikumana kunyumba kwa mmodzi wa ife mosinthanasinthana, aliyense kubwera ndi chimene ali nacho, kaya ndi mbatata kaya ndi usipa. Ndi pa macheza oterowo pamene tidadziwa kuti mnzathu wina ntchito idamuthera miyezi iwiri m'mbuyomo, chonsecho pa WhatsApp ankangotumiza nthabwala tsiku ndi tsiku. Tikadadalira foni, bwenzi titamva eni nyumba atamutulutsira kale katundu panja.

Ena amati: "Ine ndimatumiza ndalama mwezi ndi mwezi pa Mpamba kapena pa Airtel Money, foninso ndimaimba." Mukuchita bwino, musaleke. Koma foni ilibe maso. Mayi wa Chimalawi ukamufunsa pa foni kuti muli bwanji, yankho ndi limodzi lokha: "Tili bwino, kaya inu kumeneko." Sanganene kuti mwendo watha masabata atatu chitupire, kuti denga likudontha pamene amagona, kuti mdzukulu amene mumamulipirira fizi adasiya sukulu teremu yatha. Zimenezi zimaoneka munthu utakhala pa mphasa. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amadya munthu mwakachetechete, ndipo amene angadabwe kuti bambo awonda, n'kuwatengera ku chipatala, ndi mwana amene wabwera kudzaona.

Tisaiwalenso kuti m'tauni muno ambirife ndife alendo. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumidzi. Ntchito imatha, munthu amapuma, nyumba ya lendi siikhala yako. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 adasowa pogona. Ku Chilobwe ndi m'madera ena a Blantyre, amene sadapite ku misasa adathawira kwa abale ndi anansi. Kodi tsiku loterolo mudzagogoda bwanji pa chitseko chimene simudachigogodepo zinthu zili bwino?

Nkhani ya minda nayo ndi yomweyo. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidatsegula njira yoti anthu azilembetsa minda yawo, koma amene amachitira umboni kuti munda uwu ngwa uje, malire ake ndi mtengo uwo, ndi mafumu, eni mbumba ndi anthu a m'mudzimo. Munthu amene nyakwawa idamuona komaliza ali ku pulaimale asadzadabwe akadzapeza pa munda wa amayi ake pali chimanga cha wina. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Nanga ana athu? Tikulera ana odziwa maina a osewera mpira a ku Ulaya koma osadziwa asuweni awo, osadziwa mfunda wa agogo awo aakazi, oyankha moni wa akulu ali chiimire manja m'thumba. Inu amene mudabwera kuchokera kunja mukuudziwa ululu woona mwana wanu akulephera kucheza ndi agogo ake chifukwa cha chilankhulo. Kwa inu chidali chokakamiza. Nanga ife amene tikuchita zomwezo tili makilomita 80 okha kuchokera kumudzi, tidzanamizira ndani? Akulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Zoonadi, koma mwana sangalemekeze chibale chimene sadachione.

Tsono kwa inu okonda maulendo okapuma, pempho langa ndi ili: musasankhe pakati pa nyanja ndi abale, phatikizani. M'galimoto lopita ku nyanja musiye mpando wa amayi kapena azakhali. Alipo anthu ambiri obadwira ku Mchinji, ku Ntcheu kapena ku Mzimba amene akalamba osaiona nyanja imene alendo amaiwolokera nyanja zamchere kudzaiona. Chonsecho kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kuchoka ku Mzuzu kutsikira ku Nkhata Bay sakwana 50. Mukhoza kunyamuka m'mawa, kuotcha chambo pa gombe, n'kukagona kunyumba osalipira chipinda. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, magombe amadzaza ndi amayi ovala zitenje zofanana, ndipo n'zokondweretsa. Koma kodi amayi amakhala amayi tsiku limodzi pa chaka?

Kwa amene nyanja yawatalikira, malo ngosasowa. A ku Blantyre ali ndi phiri la Zomba pa mtunda wosakwana makilomita 70, kumene kuli damu la Mulunguzi ndi dzenje la Chingwe. Ali ndi Mulanje, kumene kuchokera pa Likhubula munthu amayenda pansi kukafika pa Dziwe la Nkhalamba osafunika kulimbana ndi Sapitwa wa mamita 3,002. A ku Lilongwe ali ndi Chongoni ku Dedza, kumene kuli zojambula za makolo pa miyala m'malo okwana 127, zimene bungwe la UNESCO lidaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Mabanja awiri kapena atatu akasonkherana za mafuta, kuphika mpunga ndi nkhuku kunyumba, ulendo wotere suposa ndalama zimene abambo amasiya ku bawa mwezi umodzi. Makhonsolo a m'mbali mwa nyanja nawo aganizepo: gombe likamatha ndi mipanda ya nyumba zopumulirako anthu olemera, Mmalawi wamba adzasambira pati ndi ana ake?

Kucheza nako kuli ndi mwambo wake. Tumizani uthenga musadanyamuke, poti masiku ano ndiwo n'zowerengera. Musafike ndi chigulu pa nyumba ya zipinda ziwiri. Mlendo ndi mame, ndiye wabwera Loweruka anyamuke Lamulungu, asadikire kuti eni nyumba ayambe kumenya ana popanda chifukwa. Foni ikhale m'thumba, chifukwa palibe phindu kuyenda ulendo wonsewo n'kukakhala pakhonde mutu uli pansi. Za zipani mukhoza kutsutsana, ufulu umenewo ulipo, koma mbale ya nsima ikhale imodzi. Ndipo woyendetsa galimoto pobwerera asalawe mowa, tatopa kulemba za ngozi za Lamulungu madzulo.

Mfundo yanga yotsiriza ndi iyi, ndipo aliyense adziyankhe yekha. Uthenga wa maliro ukafika usiku, pofika m'mawa ndalama ya thiransipoti yapezeka. Abwana apereka tchuthi, anzathu a ku ntchito asonkha, galimoto labwerekedwa, bokosi lagulidwa, nkhata zamaluwa zakonzedwa. Zonsezi zimatheka pa maola ochepa, chifukwa cha munthu amene sangationenso, sangatimve, sangalawe shuga amene tanyamula. Ngati ndalama ya ulendo wokalira imapezeka, ya ulendo wokaseka ikulephera pati?

Tengani kalendala lero lomwe, musankhe Loweruka, mulembepo dzina la munthu. Zengerezu adalinda kwaukwau.