Benchi si manda a ana

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana anga akale amene mumadutsa pano, lero ndili ndi mawu kwa makochi a basketball a m'makoleji amene amaseweretsa anyamata omweomwewo, ena onse n'kumangowotha benchi chaka chathunthu. Ati kupambana kumafuna akatswiri basi. Ine ndikuti bodza lenileni!

Tiyeni tiwerengere. Ku America masewero a koleji amatenga mphindi 40, osewera asanu mbali iliyonse. Ndiye kuti kochi ali ndi mphindi 200 zoti agawe. Kagawidwe kakeko ndi kamene kamationetsa ngati munthuyo ali mphunzitsi kapena mlenje wa chikho chabe.

Mu 2014, John Calipari, ali ku University of Kentucky, adagawa timu yake m'magulu awiri a anthu asanuasanu, olowa mosinthana. Ambiri adanyogodola. Koma timuyo idapambana masewero 38 otsatizana. Karl-Anthony Towns ankasewera mphindi pafupifupi 21 zokha, komabe mu 2015 ndiye adali woyamba kusankhidwa kupita ku NBA. Devin Booker ankayambira pa benchi masewero onse, koma Phoenix Suns idamutenga pa nambala 13.

Otsutsa amathamangira kunena kuti, "Nanga Wisconsin sidawathire mphepo 71-64 mu semifainolo?" Zoona, idatero. Koma bwanji satiuza za fainolo? Duke idagonjetsa Wisconsin 68-63, ndipo amene adaidzutsa ili pambuyo ndi Grayson Allen, mnyamata wa chaka choyamba wochokera pa benchi, yemwe adagoletsa mapointi 16. Kochi Mike Krzyzewski akadamuiwala pamenepo, mukuganiza kuti chikho chikadalowera kuti? Mutu umodzi susenza denga, abale.

Sindikuti aliyense apatsidwe mphindi zofanana ayi. Waulesi akhale pansi ndithu. Koma koleji ndi sukulu. Mwana amene sajomba zokonzekera, amathamanga mpaka thukuta kamukamu, ndiye osalawako bwalo ngakhale timu ikutsogola ndi mapointi 30, akuphunzirapo chiyani? Akuphunzira kuti khama silipindula.

Ndipo tisaloze chala makochi okha. Ife m'kalasi timaloza yani tikafunsa funso? Si ana atatu omwewo a kutsogolo? A kumbuyo aja timadzawakumbuka zotsatira za MSCE zikatuluka, n'kumati ana a masiku ano ndi mbuli. Adzadziwa bwanji kuyankha ngati sitidawapatseko mpira?

Amene ndidakukhazikani pa benchi yotere muli Fomu 4, ndikhululukireni. Enanu mukadali ndi choko m'manja, mawa lozani wa kumbuyo.