BALA LALING'ONO LISATINYENGE

Pali matenda ena a amayi amene madokotala amawatcha endometriosis. Bungwe la World Health Organization likunena kuti mwa amayi ndi atsikana 10 alionse a msinkhu wobereka, mmodzi ali nawo matendawa, ndipo pa dziko lonse alipo pafupifupi 190 miliyoni. Chimene chimachitika n'chakuti timinofu tofanana ndi ta m'kati mwa chiberekero timamera kunja kwake: pa timatumba ta mazira, pa njira za mazira, mwinanso pa matumbo kapena pa chikhodzodzo. Mwezi ndi mwezi timinofuti timatupa ndi kukha magazi osowa potulukira. Zotsatira zake ndizo cham'mimba chosapiririka, ululu pokhala malo amodzi ndi mwamuna, ndipo kwa ena kuvutika kutenga pathupi.

Njira imodzi yothandizira odwala otere ndiyo opaleshoni yotchedwa laparoscopy. Dokotala sang'amba mimba ayi. Amaboola timabowo titatu kapena tinayi ta pafupifupi sentimita imodzi, kamodzi mwa ito pamchombo. Amapopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba kuti aone bwino, nalowetsa kachipangizo ka nyali ndi kamera, kenaka amadula kapena kuwotcha timinofu tija. Ambiri amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Apa ndipo pagona nkhani yathu. Achibale akaona mayi wabwera msanga, timabala tili tating'ono, amayesa kuti wachira. Ife tikuti uku n'kulakwitsa kwakukulu. Bala lenileni lili m'kati, kumene maso safika. Ngati dokotala anangoyang'ana chabe, sabata imodzi ingathe kukwana. Koma ngati anadula timinofu tambiri, pamafunika masabata awiri mpaka anayi, ndipo kuposa apo ngati anagwirako matumbo. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20. Kodi n'chilungamo kuisenzetsa munthu amene m'mimba mwake muli zilonda zaziwisi? Kusinja, kulima ndi kusenza nkhuni ziyambe zadikira kufikira dokotala atalola. Abambo, apongozi ndi ana osinkhukirapo, ntchito zimenezi ndi zanu pa nthawiyi.

Komatu kupuma sikutanthauza kugona pamphasa tsiku lonse. Wodwala aziyenda pang'onopang'ono pakhomo kuyambira tsiku loyamba, pakuti kuyenda kumaletsa magazi kuundana m'miyendo. Azimwa madzi okwanira ndi kudya ndiwo zamasamba ndi zipatso kuti asadzimbidwe. Asadabwe akamva kupweteka paphewa: ndi mpweya wotsalira uja umene umanyanyula mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndipo zimatha m'masiku owerengeka. Msambo woyamba ungathenso kupweteka kuposa kale. Za kukhala malo amodzi, banja lifunse dokotala mopanda manyazi, ndipo abambo adekhe.

Zizindikiro zina sizofunika kuzengereza. Thupi likatentha, mimba ikamapwetekerapwetekera, akamasanza, bala likafiira kapena kutuluka mafinya, mkodzo ukamawotcha, mwendo umodzi ukatupa, kapena mpweya ukamabanika, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.

Pomaliza, tidziwe kuti opaleshoniyi imachepetsa ululu koma matendawa angathe kubwereranso, pakuti mankhwala owathetseratu sanapezeke. N'chifukwa chake tsiku lokaonananso ndi dokotala siliyenera kuphonyedwa. Kumeneko ndi kumene amakambirana za mapiritsi, jakisoni kapena lupu yokhala ndi mankhwala, zimene zimafooketsa timinofu tija, ndiponso za nthawi yabwino kwa amene akufuna mwana.

Mayi ameneyu wapirira zaka zambiri, mwinanso akunenedwa kuti ndi waulesi. Tisamuwerengere masabata ochepa opumula. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.