Ilala yakalamba, tisadikire ngozi

Wina afunsa kuti munthu wa ku Mchinji, kumene madzi aakulu ndi a mtsinje wa Bua, nkhani za sitima zapamadzi akuzitakiranji. Yankho langa n'lakuti usipa umene timagula pa Kamwendo ndi pa boda ya Mwami sumera m'munda. Umachokera kunyanja. Mayendedwe a panyanja akavuta, ndiwo zimadula kuno.

Kunja kuno kuli sitima zongosangalalira. Icon of the Seas, imene anaikhoma ku Turku m'dziko la Finland ndipo inayamba kuyenda mu 2024, ndi yaitali pafupifupi mamita 365 ndipo imanyamula alendo oposa 7,000. Muli maiwe osambiramo, malo odyera ndi mashopu. Anthu amakweramo osati kuti akafike kwina, koma kuti adyemo ndalama basi.

Ife tili ndi Ilala. Kampani ya Yarrow ya ku Glasgow, Scotland, inaipanga mu 1949, n'kuitumiza zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique. Anailumikiza konkuno, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Kutalika kwake ndi mamita 52 okha. Dzinalo ndi la dera la ku Zambia kumene David Livingstone anafera mu 1873.

Mamangidwe ake akunena za nthawi ya atsamunda. Pamwamba pali zipinda zogona ndi kamphepo kayaziyazi, malo a azungu ndi mabwana. Pansi, pafupi ndi injini, ndi pamene pamadzazana amayi a geni, matumba a chimanga, simenti, nkhuku ndi ana a sukulu. Atsamunda anapita mu 1964, koma makwerero aja akutisiyanitsabe. Malo ngati Usisya ndi Ruarwe sitimayi imaima patali, anthu n'kumatsikira m'timaboti, katundu ali kumutu.

Tsono ndikamva ena akulota zogula sitima yamakono yokopera alendo akunja, ndimati abale, tiyambe taona amene amakwera sabata ndi sabata. Kwa munthu wa ku Likoma ndi Chizumulu, Ilala ndiye msewu, ndiye basi, ndiye lole. Sitima yolowa m'malo mwake ikhale ndi malo okwanira a katundu, mipando ya aliyense, zimbudzi zabwino ndi majekete opulumutsira moyo okwanira mutu uliwonse. Zipinda za alendo zikhalepo, inde, chifukwa zimabweretsa ndalama, koma zisadye malo a eni nyanja.

Ndipo boma lisazengereze. Ilala yomweyi inabwera titalira kale: mu 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kutsirizika. Chitsulo chimene chatumikira zaka zoposa 70 sichingatilonjeze zambiri.

Aphungu athu, a kunyanja ndi a kumtunda omwe, afunse ku Nyumba ya Malamulo: ndalama za sitima yatsopano zili pati, ndipo ifika liti? Ifenso a ku Mchinji tikudikira yankho.