Kafoni ka mabatani sikanathe ntchito

Kachewere akangokumbidwa ku Tsangano, anyamata ambiri ndalama yoyamba amathamangira nayo kokagula foni ya tachi. Kunyanja n'chimodzimodzi: usipa ukaphedwa bwino masiku a mdima, mlovi amafuna foni yodzadza chikhatho. Munthu akatulutsa ka itel ka mabatani pagulu, anzake amamuseka kuti ndi wotsalira. Abale ndi alongo, ine ndikuti kusekako n'kolakwika, ndipo kukudya ndalama ya feteleza ndi ya ukonde.

Kodi foni timaifunira chiyani pantchito yathuyi? Mlimi wa ku Bwanje amafuna kudziwa kuti tomato akuyenda bwanji pa Lizulu kapena pa Kampepuza asanalipire galimoto. Mayi wogula usipa ku Monkey Bay n'kudzagulitsa pa Ntcheu boma amafuna kumva ngati nsomba zatuluka asanawononge thiransipoti. Zonsezi n'kuimba basi. Ndalama nazo zimayenda popanda intaneti: Airtel Money ndi *211#, Mpamba ndi *444#, ndipo kafoni kakang'ono kamachita zimenezi mofanana ndi foni yodula. Kali ndi tochi, kali ndi wailesi, moti chenjezo la mwera lochokera ku nthambi yoona zanyengo mumalimva muli pagombe pomwepo.

Nkhani yaikulu ndi batire. Midzi yathu yambiri ilibe magetsi a ESCOM. Kafoni ka mabatani mukakatchaja kamodzi kamakufikitsani masiku angapo. Ya tachi dzuwa likamalowa imakhala yayamba kale kulira njala. Ndiye tsiku ndi tsiku mwana azipita nayo kwa mwini sola pa tiredingi senta, kulipira, kudikira, pomwe kudimba madzi sanathiridwe. Msodzi amene wachezera panyanja usiku wonse, injini n'kumuthimira m'bandakucha, amafuna foni yoti iyake. Ikazima pamenepo, kukongola kwake kulibe phindu.

Ndipo mtengo wa foni ya tachi suthera pa shopu. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja anakwera, mafoni ndi zipangizo zake zomwe. Galasi likasweka pogwera pamwala kumunda, kukonzetsa kokha kumatha kuposa mtengo wa kafoni katsopano. Nanga bandulo? Imeneyo ndi mbuzi yodya tsiku lililonse koma yosaswa. Yambiri imathera pa TikTok ndi mavidiyo oseketsa a m'magulu a WhatsApp.

Sindikunena kuti foni yamakono ilibe ntchito, ayi. Chimanga chikagwidwa ndi ntchemberezandonda, kujambula tsamba n'kutumizira mlangizi kumafulumiza thandizo. Amene tili ndi ana ku Joni timadziwa kuti kulankhulana nawo pa WhatsApp n'kotchipa, ndipo agogo amaona nkhope ya mdzukulu. Koma ntchito zimenezi sizifuna kuti aliyense m'nyumba akhale ndi yake. Foni imodzi pabanja, kapena imodzi pa kalabu ya alimi yosungidwa ndi mlembi, imakwana.

Palinso china chimene ya tachi yatibweretsera: wogula amakuonetsani chithunzi chakuti ndalama yatumizidwa, inu n'kukweza matumba. Chithunzi chimapangika. Ngakhale uthenga wobwera pa kafoni ka mabatani umatha kukhala wabodza, wolembedwa ndi munthu wamba. Katundu asanachoke, lowani nokha mu akaunti yanu muone ngati ndalamayo yafikadi, ndipo nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale woimbayo atanena kuti ndi wa ku kampani.

Kwa mnyamata amene wagwira ndalama ya zokolola mwezi uno, ndingoti: yambani mwagula feteleza ndi mbewu, kapena mwasoketsa ukonde. Ikatsala, kaoneni foniyo, koma mufunse kaye kuti muzikaitchaja kuti, ndipo bandulo ya mwezi wa February, nkhokwe itapepuka, idzachokera m'thumba la ndani.