Agogo Tisawakhazike pa Mphasa

Ku Malota kuno, mayi wachikulire akangodandaula za bondo, ana ndi adzukulu amathamangira kuwalanda khasu ndi ndowa n'kuwayalira mphasa pamthunzi. Timatero pofuna kulemekeza akuluakulu, ndipo ifenso takhala tikuuza ophunzira athu achikulire kuti azipuma. Lero tikuvomereza kuti ulemu woterewu ukhoza kupundula munthu.

Nyamakazi ya m'mawondo, m'chiuno ndi m'mfundo zina, imene madokotala amaitcha osteoarthritis, ndi nthenda yofala. Bungwe la WHO likuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali nayo, ndipo ambiri mwa iwo anali opitirira zaka 55. Koma odwala ochuluka amatuluka m'chipatala ndi mapiritsi okha, mumtima akukhulupirira kuti mafupa awo akuperepeseka ndipo kuyenda kukuwonjezera vutolo.

Zoona zake n'zosiyana. Pansonga za mafupa pali kachikuto kosalala kopanda mitsempha ya magazi. Chakudya chake chimachokera m'madzi a mu mfundo, ndipo madziwo amalowa bwino mwendo ukamapinda ndi kuwongoka. Munthu akakhala pansi miyezi ingapo, minofu ya ntchafu imafota, thupi limanenepa, ndipo bondo limatsala lokha ndi katundu yense. Ululu umakula, mantha amakulanso, agogo aja n'kuleka ngakhale kupita kumsika wa Maramba.

N'chifukwa chake tikuti wodwala aphunzitsidwe asanapatsidwe china chilichonse. Ku Denmark, ndondomeko yotchedwa GLA:D, imene inayamba mu 2013, imayamba ndi kufotokozera odwala za nthenda yawo, kenako n'kuwalimbitsa thupi kwa milungu isanu ndi umodzi. Ife tilibe zipangizo zawo, koma mpando tili nawo. Kudzuka pampando ndi kukhalanso kakhumi, osagwira ndi manja ngati n'kotheka, kumalimbitsa ntchafu. Kuyenda mphindi khumi m'mawa, dzuwa la Okutobala lisanapse, ndi chiyambi chokwanira, ndipo tsiku ndi tsiku munthu amawonjezera. Ululu pang'ono pochita zimenezi suopsa ngati watha pofika mawa lake.

Ena adzati mlimi amagwira kale ntchito yokwanira. Inde, koma kunjuta tsiku lonse popalira ndi kusenza zigubu za malita 20 kumalemetsa bondo popanda kulilimbitsa. M'dimba tikweze mabedi a ndiwo zamasamba, titalikitse mpini wa khasu, madzi abwere pa wilibala, ndipo agogo apitirize kuthirira ndi kuthyola.

Bondo likatupa mwadzidzidzi, likatentha, kapena munthu akagwa n'kulephera kuponda, athamangire kuchipatala. Mapiritsi a ibuprofen ndi diclofenac omwa tsiku lililonse popanda malangizo a dokotala amawononga m'mimba ndi impso, makamaka kwa okalamba. Amene akupita kukaonana ndi dokotala ku Livingstone University Teaching Hospital apemphe kuti akaonanenso ndi a physiotherapy, awaonetse zochita kunyumba.